Kuyankha Apongozi pa Makadi

Kwa zaka khumi ndi zinayi ndinali mkamwini wabwino, ndipo ubwino wanga wonse unali wotseka pakamwa. Apongozi anga aamuna akafika pakhomo ndinkadzuka, kuwapatsa mpando, kuwomba m'manja, kenako n'kupeza chochita kuseri kwa nyumba. Akandifunsa za malonda ndinkayankha maso ali pansi: "Zikuyenda, bambo." Nkhani zenizeni zinkadzera mwa mkazi wanga. Iwo auze mwana wawo, iye andiuze ine, ine ndimuyankhe iye, iye akawatulire. Malume anga anandilangiza tsiku la chinkhoswe kuti kwa apongozi umapita ndi makutu ndi manja, pakamwa umasiya kwanu. Ndinasunga malangizowo, ndipo sindinamvepo munthu akudandaula.

Ndinabadwira ku Angónia koma ndinakulira ku Malawi, kumene makolo anga anathawira nkhondo. Mtendere utabwera, iwo anabwerera ku minda yawo. Ine ndinaona kuti khasu silindikonda, ndiye ndinatsikira kuno ku Tete n'kuyamba kugulitsa mbatata ya kachewere pa msika, ntchito yomwe ndikugwira mpaka lero. Ndinakwatira mkazi wa ku Tsangano, tinamanga nyumba ku Canongola, tinabereka ana atatu. Ndi moyo wopanda nkhani zambiri, ndipo ndimaukonda choncho.

Apongozi aakazi atamwalira, mkazi wanga anaumirira mpaka bambo ake anavomera kudzakhala nafe. Tinawamangira kanyumba ka zipinda ziwiri mkati mwa mpanda wathu. Anafika ndi chikwama chimodzi, matenda a shuga ofuna jakisoni tsiku lililonse, ndi chidani chachikulu pa dzuwa la Tete. Munthu wozolowera nkhungu ya m'mapiri, wodzuka atavala juzi ngakhale m'chilimwe, anapezeka kumalo komwe mpando wachitsulo umakuotcha dzuwa litangotuluka. Ankati mzinda uno anaumanga pa chiwaya. Miyezi yoyamba ankangokhala pansi pa mtengo wa nimu akudzikupiza ndi chikatoni, n'kumafunsa mwana wawo kuti galimoto za ku Tsangano zimanyamuka liti.

Chimene chinawakhazika pansi si ife ayi, koma makadi. Ali anyamata ankasunga zipangizo pamene damu la ku Songo linkamangidwa, ndipo mainjiniya atatu omwe ankasowa munthu wachinayi anawaphunzitsa masewera otchedwa briji. Anawasunga m'mutu zaka zonsezo opanda wosewera naye. Kuno ku tchalitchi anakumana ndi aphunzitsi ena opuma ntchito, a kwathu ku Angónia, omwe anaphunzira masewerawa ku seminale asanathawe unsembe. Aphunzitsiwo anabwera ndi anamwino opuma ntchito, mayi a Chinyungwe a mawu okweza, omwe anawaphunzira kwa madokotala akale. Achinayi anali atelala a pa msewu wathu, amene apongozi anawaphunzitsa okha kuyambira pachiyambi. Lamulungu lililonse dzuwa likapendeka anayiwa ankakhala pansi pa nimu uja, mbale ya masau ili pambali, aliyense ndi chikatoni chake. Ndalama sizinkaonekapo, ndinene msanga, chifukwa azimayi a kwaya anali atayamba kale kunong'ona kuti pakhomo panga pali njuga. Ine ndinkawaonera patali ndikukonza njinga, ndikumva apongozi akuseka kuseka komwe sindinkakudziwa.

Kenako ana a atelala anabwera kudzawatenga kuti azikakhala nawo ku Chimoio. Kwa masabata awiri anthu atatu anakhala pansi pa mtengo akuyang'ana mpando wopanda munthu, pakuti briji ya anthu atatu kulibe. Lolemba lake mkazi wanga anandipeza pa msika dzuwa lili paliwombo, chinthu chomwe sachita.

"Bambo akuti akubwerera kumudzi," anatero. "Akuti meza yatha, tebulo lawo la makadi lija, ndiye palibe chowasungira kuno."

Sindinafune kufotokozeredwa. Nyumba ya ku Tsangano ndinkaidziwa: denga lodontha, oyandikana nawo nkhalamba zinzawo, chipatala ulendo wa theka la tsiku. Munthu wa shuga amafuna womubaya jakisoni ndi womukumbutsa kudya. Tonse tinkadziwa kuti akapita kumeneko sadzabweranso ndi miyendo yawo.

"Ndiye titani?"

"Lamulungu mukhala pa mpando wa atelala."

"Ine? Tebulo limodzi ndi apongozi?"

"Osati limodzi lokha. Moyang'anizana nawo. Atelala ankasewera mbali ya bambo, ndiye inu mulowa pomwepo."

Ndinamuuza kuti ine ndine munthu wa bawo, makadi ndinawasiya ndili mwana. Anandiyang'ana mmene amayang'anira ana akanama kuti asamba, n'kunyamuka.

Loweruka masana aphunzitsi anabwera kudzandilongosolera. Masewerawa ndi a anthu anayi, awiri mbali ino awiri mbali iyo, mnzako atakhala patsogolo pako. Aliyense amalandira makadi khumi ndi atatu a mitundu inayi: kopa, zofiira zamitima zija, oru, zofiira zinazo, ndiye sipada ndi pawu, zakuda. Musanaponye khadi n'limodzi lomwe, mumayamba mwapikisana pakamwa kuti mtundu uti ukhale turunfu, wodya mitundu ina yonse, ndiponso kuti mulonjeza kudya kangati. Kunena kuti "kopa imodzi" ndi kulonjeza kudya kasanu ndi kawiri. Kunena "zinayi" ndi kulonjeza kudya kakhumi, ndipo apo m'pamene pali mphotho yeniyeni. Vuto lake n'lakuti makadi a mnzako suwaona, ndipo suloledwa kumuuza ako. Mawu ololedwa ndi nambala ndi mtundu basi, kapena "pasu", kutanthauza kuti ndilibe chonena.

Mphamvu ya makadi amaiyeza ndi mapontu: asi anayi, mfumu atatu, dama (mfumukazi) awiri, valete (mnyamata) limodzi. Wokhala ndi khumi ndi awiri amatsegula. Mnzakeyo akakhala ndi asanu ndi limodzi kapena kupitirira, ayenera kuyankha. Pomaliza, amene anayamba kutchula mtundu wopambanawo ndiye amasewera makadi a onse awiri. Mnzake amayala ake poyera pa tebulo n'kukhala chete, kumangokankha khadi lomwe wauzidwa. Ameneyo amamutcha mortu, wakufa. Ndinamva zonse bwinobwino, ndipo aphunzitsi anachoka akundiyamikira kuti ndili ndi mutu.

Lamulungu ndinavala malaya a manja aatali ngati wopita ku ukwati. Ndinakhala cham'mphepete mwa mpando, thukuta likutsika kumsana, maso ali pa zala zanga. Kukhala mofanana msinkhu ndi apongozi, maondo athu atatsala pang'ono kugundana pansi pa tebulo, ndinamva ngati ndalowa m'chipinda chawo osagogoda.

Makadi atagawidwa kachitatu, apongozi anatsegula. Pa tebulopo manambala ankanenedwa m'Chipwitikizi, monga timachitira pa msika.

"Uma kopa."

Anamwino, omwe anali kumanzere kwawo, anati pasu. Inafika nthawi yanga. Ndinawerenga mapontu khumi ndi anayi, kopa zinayi, mfumu yake ili pomwepo. Ndinkadziwa kuti ndi makadi onona, ndinkadziwanso zomwe aphunzitsi anandiuza. Koma lilime linakana. Apongozi anena imodzi, ine ndine ndani kuti ndikwere pamwamba pa mawu awo? Kwathu wamkulu akagamula, wamng'ono amawomba m'manja.

"Pasu," ndinatero ndi ulemu wonse.

Aphunzitsi nawonso anati pasu, nkhani n'kuthera pomwepo. Nditayala makadi anga, anamwino anawerama kuwayang'ana, n'kuphulika chiseko mpaka nkhuku zinathawa.

"Mwanangu! Chuma chonsechi mwabisira yani?"

Apongozi anadya kakhumi ndi kamodzi pa lonjezo la kasanu ndi kawiri, ndiye kuti mphotho yaikulu ija inatidutsa tikuiona. Sanandiyang'ane. Anatembenukira kwa mwana wawo, yemwe ankatithirira madzi ozizira ataima pafupi nane moti chitenje chake chinkandikhudza.

"Uwauze amuna ako kuti munthu akakhala ndi mapontu seshi, asanu ndi limodzi, amayankha."

"Akuti muziyankha," anatero mkazi wanga, osaseka n'komwe.

"Muwauze kuti ndamva."

Sabata yonse ndinaganiza, ndipo ndinapeza njira yomwe ndinaiona ngati nzeru zapamwamba. Ndiziyankha, inde, koma movomera. Apongozi akati kopa imodzi, ine kopa ziwiri. Akati pawu, ine pawu. Palibe anganene kuti ndakhala chete, palibenso anganene kuti ndawatsutsa. Ndipo popeza mtunduwo ayamba kuutchula ndi iwo, osewera akhala iwo, ine mortu. Ndivomere kuti udindo wa mortu ndinaukonda kwambiri. Manja pa maondo, pakamwa potseka, kukankha khadi lomwe wamkulu wanena. Amene anaupanga ayenera kuti anali mkamwini.

Lamulungu lachiwiri apongozi anatsegula ndi oru imodzi. Ine ndinali ndi tioru tiwiri tonyozeka, koma sipada zisanu ndi imodzi, asi ndi mfumu zili patsogolo. Ndinati oru ziwiri. Iwo, pokhulupirira kuti oru ndili nazo zambiri, anakwera. Nditayala makadi, aphunzitsi anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso, ngati vuto linali la magalasi. Tinagwa koopsa. Sipada zanga zokongola zija anamwino ankazidya ndi turunfu akung'ung'udza nyimbo ya ku tchalitchi. Uthenga unadzera njira yomwe ija.

"Uwauze kuti kuvomera si kuyankha. Ndikufuna kudziwa zomwe ali nazo iwo. Zanga ndikuzidziwa kale."

Apa ndinapsa mtima, koma mtima wa mkamwini umakapsera kukhitchini. Alendo atapita ndinamutsatira mkazi wanga komwe ankatsuka makapu.

"Bambo anu anene oru, ine ndinene sipada? Pamaso pa alendo? Mawa anthu aziti mkamwini uja wa kachewere amatsutsa apongozi ake masana dzuwa likuswa mtengo."

"Anthu ake ati? Aphunzitsi?"

"Anthu!"

"Inu mukuopa anthu, ine ndikuopa maliro," anatero, n'kupitiriza kutsuka.

Lamulungu lachitatu ndinaipitsa kuposa kale, chifukwa tsopano ndinkaopa zonse ziwiri, kukhala chete ndi kuvomera. Nthawi yanga ikafika ndinkachedwa ndikusuntha makadi uku ndi uku, kenako n'kubwereza mtundu wawo womwewo ndi mawu a kukhosi. Mthunzi usanafike pa mpanda apongozi anasonkhanitsa makadi, kuwamanga ndi mphira, n'kulankhula akuyang'ana mtengo.

"Lamulungu likubwerali tisewera komaliza. Mvula yayandikira, denga la kumudzi likufuna munthu. Akamwini ayesetsa, tisawavutitsenso. Si aliyense anabadwira makadi."

Akanakalipa bwenzi zili bwino. Analankhula mofatsa, ngati munthu wothokoza chakudya chomwe sanadye. Mkazi wanga analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ine ndinatsala ndikunyamula mipando, ndili ndi manyazi ndi mkwiyo pamodzi, wokwiyira osamudziwa. Ulemu womwe ndinkanyadira unali kuthamangitsa nkhalamba yodwala pakhomo panga, ndipo zinandiwawa. M'mawa mwake ndinapeza mkazi wanga akulemba pa pepala nthawi za jakisoni ndi zakudya zoletsedwa, kuti bambo ake akapatse mayi wina woyandikana nawo kumudzi, yemwe sitinkadziwa ngati amatha kuwerenga.

Lachitatu anamwino anafika pamalo panga pa msika. Anakhala pa thumba la mbatata osapemphedwa, n'kundilanda madzi omwe ndinkamwa.

"Mwanangu, ine moyo wanga wonse ndagwira m'chipatala, ndipo anthu aulemu ndawaona ambiri. Dotolo afunsa, 'Mukumva bwanji?' Iwo, 'Ndili bwino, dotolo,' kuopa kumuvutitsa. Sabata yamawa tikumva kuti aikidwa. Mukundimva?"

"Koma amayi, apongozi ndi apongozi."

"Apongozi ndi apongozi kunja kwa meza. Imwe mukuganiza kuti akati uma kopa agamula mlandu? Sakugamula, akufunsa! Akuti, 'Ine kuno ndili ndi kopa zisanu ndi mapontu doze, khumi ndi awiri, nanga kwanuko kuli chiyani?' Munthu akugogoda pakhomo panu, imwe muli m'nyumba phee, ati ulemu. Lewani, baba! Lankhulani!"

Anatola mbatata zanga n'kuziyala pa chiguduli ngati makadi. Apongozi akatsegula kopa kapena sipada, ine ndili ndi zitatu za mtundu womwewo, ndiwakweze, ndipo kukwezako kulingane ndi mapontu anga: akachepa ndinene ziwiri, akafika khumi ndinene zitatu, akachuluka tisaime tisanafike pa zinayi. Ndikakhala ndilibe za mtundu wawo, nditchule mtundu wanga wautali. Chimene chinandiimitsa mutu n'chakuti ndikatchula mtundu watsopano, wotsegulayo saloledwa kunena pasu. Ayenera kundiyankha.

"Ndiye kuti ine ndikakamize apongozi kulankhula?"

"Ndi chimene akhala akudikira masabata atatu. Aphunzitsi akanakuuzani kale mukanafunsa, koma safunsa anadya phula." Anadzuka n'kusasa chitenje. "Mukudziwa zomwe anandiuza apongozi anuwo? Akuti mawu anu amawamva pokhapokha mukamakalipira galu."

Anasankha mbatata zikuluzikulu n'kupita. Mawu a galuwo anandikhala pamtima tsiku lonse. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ndikuwalemekeza, ndipo sindinaganizepo kuti mwina kwa iwo zinkaoneka ngati ndikuwazemba. Ndinagula makadi anga, ndipo masana a Lachinayi ndi Lachisanu, nthawi yomwe msika umagona ndi kutentha, ndinkadzigawira pa thumba lopanda kanthu n'kumayankha sikelo yanga ngati apongozi. Mayi wogulitsa tomato pafupi nane anafunsa ngati ndalowa chipembedzo china.

Lamulungu lomaliza kunatentha moti mbuzi zinabisala pansi pa ngolo. Kamphepo kochokera ku Zambezi sikanabwere. Chitseko cha kanyumba ka apongozi chinali chotsegula, ndipo chikwama chawo chinkaoneka chili pakhomo, chomanga kale ndi chingwe. Mkazi wanga sanabwere kudzatithirira madzi, anangoika jagi pa chitsa n'kubwerera m'nyumba.

Makadi oyamba anakomera aphunzitsi ndi anamwino, ife tinkangoteteza. Ola linatha. Ndinayamba kuganiza kuti tsiku litha ndisanapatsidwe mpata, ndipo, ndisaname, mbali ina ya mtima wanga inakondwa. Kenako apongozi anagawa, kuyang'ana makadi awo, n'kunena ndi mawu otopa:

"Uma kopa."

"Pasu," anatero anamwino, n'kundiponda phazi pansi pa tebulo, zomwe malamulo salola.

Kopa ndinali nayo imodzi yokha, yaing'ono. Sipada zinali zisanu ndi imodzi, asi, mfumu ndi valete zikutsogolera, kuphatikiza mfumu ya pawu. Mapontu khumi ndi limodzi.

"Uma sipada."

Mawu anatuluka opyapyala, koma anatuluka. Apongozi anakweza mutu. Aphunzitsi anati pasu msangamsanga ngati akuopa kusokoneza.

"Duwashi kopa," anatero apongozi mokweza pang'ono. Kopa ziwiri. Anabwerera ku mtundu wawo.

Anamwino anati pasu. Wamkulu wanena kawiri. Kwathu ukatsutsa kamodzi anthu amati mwina sanamve, koma kawiri ndi mwano. Komabe ndinakumbukira zomwe ndinkayala pa thumba lija. Kubwerezako kunali kundiuza kuti kopa zawo si zisanu koma zisanu ndi imodzi, ndipo sipada zanga sakanazikweza asanadziwe kuchuluka kwake. Zawo anali atandiuza, zanga anali asanazimve zonse.

"Tereshi sipada." Sipada zitatu. Ulendo uno ndinanena ndi mawu omwe ndimaitanira ogula.

Aphunzitsi ananong'ona pasu. Apongozi anandiyang'ana m'maso, ndipo ine, posowa kothawira, ndinawayang'ananso. Ndinaona koyamba kuti diso lawo lamanzere layamba ng'ala. Munthu wokhala naye mpanda umodzi, ine osadziwa.

"Kwaturu sipada," anatero.

Anasiya mtundu wawo n'kukweza wanga mpaka zinayi. Tonse tinati pasu. Aphunzitsi anaponya khadi loyamba, ndipo apongozi anayamba kuyala makadi awo patsogolo panga, limodzilimodzi, mosafulumira: kopa zisanu ndi imodzi zokhala ndi asi ndi mfumu, dama ya sipada ndi kanzake kamodzi, kenako otsalawo. Atatha anapinda manja pamimba. Apa m'pamene ndinazindikira zomwe ndadziputira. Mortu anali iwo. Wolamula ndinali ine, ndipo khadi lililonse la apongozi linayenera kudikira mawu anga.

Adani anadya kawiri pa oru, kachitatu ndinadya ine. Ndinaponya kakopa kanga kaja.

"Bambo, asi."

Anakankha, asi n'kudya. Palibe chinagwa kumwamba.

"Bambo, mfumu."

Anachedwa pang'ono, chala chili pa khadi, milomo ikugwedera, koma mortu salankhula. Anakankha. Anamwino anatsatira ndi kopa, ine ndinataya khadi lopanda ntchito ndikumva kukoma kwa ulamuliro. Kenako aphunzitsi, omwe kopa zinali zitawathera, anaika kasipada kakang'ono pamwamba pa mfumu ya apongozi, n'kupepesa. Tinalonjeza kudya kakhumi, tinadya kasanu ndi kanayi.

Khadi lomaliza lisanagwe bwino, wakufa anauka.

"Akamwini!" Sanayang'ane kunyumba, anayang'ana ine. "Turunfu zonsezo m'manja, bwanji simunayambe mwachotsa zawo? Mfumu yanga mwaiperekeranji kwa aphunzitsi ngati mbuzi ya chipepeso?"

Kaya kunali kutentha, kaya masabata atatu a manyazi, sindikudziwa. Ndinangomva pakamwa panga pakulankhula.

"Munandiphunzitsa liti, bambo? Masabata atatu mwakhala mukutuma mwana wanu kuti ndiziyankha. Ndayankha! Zochotsa turunfu simunanenepo, kaya kwa ine kaya kwa iye. Mfumu imeneyo mwaiphetsa nokha."

Chikatoni cha anamwino chinaima m'malere. Aphunzitsi anayang'ana m'nthambi za nimu ngati muli chinachake. Mkazi wanga anatulukira pakhomo, dzanja lili pakamwa. Ine ndinaganiza kuti tsopano ndawathamangitsa zenizeni, ndipo nkhani ifika kwa ankhoswe.

Apongozi anayamba ndi mapewa. Kenako chiseko chinatuluka, chachikulu, mpaka chinasanduka chifuwa, anamwino n'kuwamwetsa madzi. Atapeza mpweya anapukuta maso ndi mkono wa malaya.

"Iwe," anaitana mwana wawo, "tamasula chikwama chija. Pansi pa majuzi pali makadi akale, ubwere nawo. Munthu uyu ndi mbuli, ntchito yake si ya Lamulungu lokha." Kenako anatembenukira kwa ine. "Mawa mukaweruka pa msika mubwere kuno, nokha. Kuyankha kwanu kunali kolondola, konse kuwiri. Kusewera ndiye zinyalala."

"Ndibwera, bambo."

Mkazi wanga anachedwa m'kanyumbamo. Pomwe ndinakhala ndinkamuona. Makadi anawapeza msanga, koma sanaleke. Anatulutsa majuzi, mathalauza, nsapato za ku tchalitchi, chithunzi cha mayi ake, n'kumabwezera chilichonse pamalo pake, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Apongozi nawonso ankamuona, ndipo sanamuletse. Anasonkhanitsa makadi a pa tebulo n'kuwakankhira kwa ine.

"Gawani, akamwini. Dzuwa likadalipo."